Kageti Kasowa Panjanji

Zaka makumi atatu ndi zisanu zoyang'ana matikiti m'sitima zinawasiyira Mayi Hildegund Bäuerle zinthu ziwiri: bondo lolira nyengo yozizira, ndi nzeru imodzi imene sukulu siphunzitsa, yakuti munthu wopanda tikiti ndiye amayamba kukupatsa moni.

Loweruka lija m'mawa ankamwa khofi pamene pansi pa mapazi awo panamveka mfuu. Sanatekeseke msanga. Kunsi kwa nyumba yawo, m'chipinda cha pansi pa nthaka, ndi m'mene munkakumana kalabu ya timasitima ta zidole ya m'tauni ya Weilach, madala khumi ndi mmodzi a imvi mbuu. Mfuu kumeneko inali ya tsiku ndi tsiku. Kasitima kakagwa panjanji, mfuu. Wina akaika kang'ombe ka pulasitiki pafupi ndi katchalitchi ka malata, mfuu. Koma mfuu ya tsikuli inali ndi liwu loti "wakuba".

Anatula kapu, n'kutsika masitepe pang'onopang'ono, bondo likudandaula.

Anapeza amuna awiri ataima pambali pa tebulo lalikulu lija, lomwe linali ndi timapiri, timidzi ndi njanji zopiringizana. Woyamba anali a Siegbert Häfele, ophika buledi, ufa uli mbuu m'nsidze. Winayo anali wapampando wa kalabu, a Ottmar Kienzle, amene moyo wawo wonse ankagulitsa mankhwala ndipo mpaka pano ankalankhula ngati akuwerenga kapepala ka m'botolo.

"Mayi Bäuerle! Mwadzuka bwanji?" anatero a Ottmar, akuvula chipewa. "Nanga bondo lija likupeza bwanji?"

"Likadalipo. Chavuta n'chiyani?"

"Taonani nokha, mayi inu, taonani!" a Siegbert analoza ndi chala chonenepa. "Ndabwera kudzatula mabanzi a mawa, ndikuti ndingosuzumira, mayo ine! Kageti kulibe!"

Pamalo pomwe kamsewu kankadutsa njanji panali poyera. Panangotsala timabowo tinayi, ndi tizomangira tinayi toikidwa pamzere bwinobwino ngati asilikali.

Munthu aliyense wa ku Weilach ankakadziwa kagetiko, wofuna ndi wosafuna yemwe. Kanali ka malata, kopangidwa nkhondo yaikulu isanayambe, ka timikono tiwiri ta mizere yofiira ndi yoyera, kanyumba ka mlonda pambali, ndi kabelu padenga. Kasitima kakaponda njanji chapatali, timikonoto tinkatsika tokha, kabelu n'kulira ngiri ngiri, madala onse n'kumwetulira ngati aona mdzukulu akuyenda koyamba. Kanali ka a Ottmar. Anakapeza pamodzi ndi mkazi wawo, poti kanali ka apongozi awo, ndipo anthu a miseche ankati sizidziwika kuti anafunsira uti pa awiriwo.

"Mawa chionetsero!" a Siegbert anapitiriza. "Tauni yonse ikubwera, ameya akubwera, katswiri wochokera ku Stuttgart akubwera. Tidzawaonetsa chiyani, timabowo? Koma wakubayo wasiya dzina lake. Onani apo."

Pakati penipeni pa njanji panaima kamunthu ka malata, kovala yunifomu ya buluu, katanyamula kambendera kofiira.

"Dzulo kameneka kanali kusiteshoni uko," anatero a Siegbert. "Ndani angabe geti n'kusiyapo mlonda kuti timagalimoto tisagundidwe? Ndani? Munthu amene wakhala zaka makumi anayi akutseka ndi kutsegula geti lenileni la njanji. Wendelin Rapp! Ndipo chifukwa ali nacho, nonse mukuchidziwa."

Maso a onse atatu anakwera ku shelefu ya pamwamba, imene madalawo ankaitcha shelefu ya manyazi. Pamenepo, m'fumbi, panali kageti kena konyezimira kwambiri. Zaka zitatu zapitazo a Wendelin anakagula pamsika wa zakale kali dzimbiri lokhalokha, n'kukapaka penti watsopano ndi manja awo, n'kubwera nako akunyadira. A Ottmar anawalalikira ola lathunthu pamaso pa anzawo. Lamulo loyamba la kalabu linali lakuti penti wakale sakhudzidwa. Chinthu chikhale chokandika, chikhale chosupuka, bola pentiyo akhale wa ku fakitale. "Mwapha mbiri, Bambo Rapp," anatero tsikulo. "Mwatenga gogo n'kumupaka zofiira pamilomo."

"Makiyi ali ndi angati?" anafunsa Mayi Bäuerle.

"Atatu. Ine, a tcheya, ndi Wendelin poti amapukuta njanji Lachisanu lililonse," anayankha a Siegbert.

"Loko sanathyole?"

"Ali bwinobwino."

"A Kienzle, inu mukuti bwanji? Kageti n'kanu."

A Ottmar anapukuta magalasi awo nthawi yaitali. "Ine sindikuloza munthu chala," anatero. "Komabe malamulo ndi malamulo."

"Lamulo lachisanu ndi chiwiri," a Siegbert anamaliza. "Wochotsa kanthu patebulo popanda chilolezo cha gulu abweze kiyi, ndipo asadzapondenso muno. Ndayimbira onse. Tikumana 4 koloko."

Mayi Bäuerle anayang'ana wotchi. Inali 10 koloko. Ankawadziwa a Wendelin. Chimwalirire akazi awo, mdalayo ankatuluka m'nyumba kupita malo awiri okha: kumanda ndi m'chipinda chino. Kumuchotsa kuno kunali kumusiyira kumanda kokha.

*

"A Häfele, imani pomwepo. Musapondenso."

Ophika bulediwo anaima mwendo uli m'malere, pasitepe yoyamba.

Sabata imeneyo inali sabata ya tsache ya Mayi Bäuerle. Kachikwangwani kake kanali katapachikidwa pachitseko chawo, kutanthauza kuti khonde, masitepe ndi kanjira ka panja zinali pamutu pawo mpaka Lamlungu. Ku Weilach munthu akhoza kusiya kupita kutchalitchi anthu n'kumukhululukira, koma wophonya sabata ya tsache amakambidwa mpaka pamaliro ake. Mayiwo anali atakolopa masitepe otsikira kunsiwo dzulo 5 koloko madzulo, ndi sopo wawo wa fungo la ndimu, n'kupingasa tsache pamwamba kuti aliyense adziwe kuti pansi mpanyowa.

Anawerama, bondo n'kulira, n'kuyang'ana matailosi akudawo chammbali, momwe kuwala kwa windo kunkagwera. Mapazi a ufa a a Siegbert a m'mawa uno anali poyera, akuluakulu ngati a njovu. Nsapato zosongoka za a Ottmar za m'mawa womwewo zinalipo. Koma m'mphepete, moyandikana ndi khoma, munali zidindo zina zimene zinaumira m'sopo. Zinalibe chidendene cha nsapato, zinalibe mizere ya jombo. Zinali zofewa, zobulungira, zotsika ndi zokwera.

"Mukuona chiyani?" anafunsa a Siegbert.

"Munthu amene analeredwa bwino. Ndiuzeni, inu dzulo madzulo munali kuti?"

"Ine? Mukundiganizira ine? Mayi inu! Kuyambira 3 koloko mpaka 7 ndinali ndi makeke a ubatizo wa kwa a Stäbler, funsani akazi anga, funsani uvuni! Komanso ndingabe bwanji kageti pamene katswiri uja ndamuyitana ndine? Ndakhala miyezi iwiri ndikumunyengerera. Munthu wamkulu, amalemba mabuku a zimenezi. Amabwera ndi katochi kake ka kuwala kwa buluu, akangowalitsa pa chinthu, penti wakale amakhala phee, watsopano amawala ngati diso la mphaka. Ndimati aunike kageti kathu pamaso pa ameya, dziko lonse lidziwe kuti ku Weilach kuli chenicheni."

"Anzanu ankadziwa kuti akubwera?"

"Chinali chinsinsi! Ndinangowatsina khutu a tcheya dzulo masana atabwera kudzagula buledi. Anasangalala mpaka anaiwala bulediyo pa kauntala."

"Anamuiwala?"

"Atalipira kale! Munthu amene amawerenga chenji kawiri!"

Mayi Bäuerle anadzuka, n'kusasa siketi. "Pitani mukaphike, a Häfele. Ndipo tsiku lina mukadzalowanso ndi ufa pa masitepe anga, kosowa kadzakhala khutu lanu."

*

A Wendelin Rapp ankakhalabe m'kanyumba ka njerwa pafupi ndi njanji yakale, pamene kale panali geti lawo. Sitima zinasiya kudutsapo zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, koma mdalayo ankadzukabe nthawi ya sitima yoyamba. Mayi Bäuerle anawapeza atakhala m'khitchini, kiyi wa kalabu ali patebulo kale, pambali pa kapu.

"Siegbert wandiyimbira," anatero. "Ndibweza. Sindilimbana."

"Mwatenga ndinu?"

"Ayi."

"Ndiye mukubwezeranji?"

"Anthu khumi akati wakuba ndiwe, ukhale nawo bwanji patebulo limodzi?"

Anali munthu wa mawu owerengeka. Zaka makumi anayi za kukhala wekha m'kanyumba ka mlonda zimamuphunzitsa munthu kuti zolankhula zofunika ndi nthawi basi.

"Dzulo munalowa nthawi yanji?"

"1:40. Ndinapukuta njanji. Ndinatuluka 3:15. Kageti kanalipo, ndinakayesa kawiri, kanalira."

"Kenako?"

"Kumanda. Ndinakaphimba manda a mkazi wanga Irmgard ndi nthambi za paini, chisanu chayandikira. Ndinachokako 5:50, atatsala pang'ono kutseka."

"Alipo anakuonani?"

"Irmgard."

Mayi Bäuerle anatulutsa foni yawo n'kuwaonetsa chithunzi chomwe anajambula patebulo paja. A Wendelin anavala magalasi. Anayang'ana, n'kuyang'ananso, ndipo kwa nthawi yoyamba tsikulo magazi anabwerera kumaso kwawo.

"Ndani waika munthuyu apa?"

"Akuti ndinu."

"Ine?" Anaimirira, mpando n'kugwa. "Pakati pa njanji? Atafulatira magalimoto? Mlonda amaima pambali, kumaso kuloza kumsewu! Mbendera ndi ya oyendetsa galimoto, si ya sitima! Uyu sitima ya 7:12 ikangobwera ndi nyama yogaya. Komanso msewu wa mbali ziwiri umafuna anthu awiri, wina uku wina uko. Andinene kuti ndine wakuba, chabwino. Koma asandinene kuti ndinaimika mlonda chonchi!"

Mayiwo anabisa kumwetulira. Anayang'ana pansi pa tebulo. Mdalayo anali atavala jombo zake zazitali za madokotala, za zingwe zofika kukatumba, zimene anamulembera atathyoka msana.

"Zimenezo mumavula bwanji?"

"Ndi mpando, ndi ngowe ya chitsulo, ndi mphindi khumi. Bwanji?"

"Palibe. Kiyiyo ikani m'thumba, a Rapp. 4 koloko mubwere mutapesa."

*

Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma wotchi inali itakwana 1 koloko. Mayi Bäuerle anagogoda kwa a Kienzle. Anatsegula ndi Mayi Traudl, akazi a Ottmar, munthu wamfupi wa maso akuthwa, amene zikhadabo zake zinali zofiira psuu ngakhale anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri.

"Hildegund! Lowa, amwali. Bwana wa njanji kulibe, wapita kukayenda. Akuti mutu. Chikwatirane sindinamuonepo akuyenda popanda kopita."

Anakhala m'khitchini. Keke ya maapozi inatuluka yokha, monga zimakhalira.

"Wamva za kageti?"

"Ndamva. Dzulo sanadye, usiku sanagone, lero akundiuza kuti kabedwa. Ine ndati pepani bambo, mwina tsopano muyamba kundiona kuti ndimakhala nawo m'nyumba muno."

"Dzulo madzulo anali kunyumba?"

"Akuti anapita ku positi ofesi. Anatuluka 5 koloko itadutsa, n'kubwera cha m'ma 6 ndi chikwama chake chachikulu chija. Kalata yanji yofuna chikwama? Ndiye pondidabwitsa, amwali: nsapato zouma, masokosi onyowa chonchi. Ndinamufunsa kuti kodi mvula ya lero ikugwera m'kati mwa nsapato?"

"Masokosiwo wachapa?"

"Ndachapa, koma ndinayamba ndawanunkhiza. Mkazi aliyense amanunkhiza." Mayi Traudl anadula keke ina, maso ali pa mnzawo. "Ndimu. Ine sopo wanga si wa ndimu."

Mayi Bäuerle anakumbukira masitepe amene anakolopa dzulo.

"Bokosi la kageti lili kuti?" anafunsa Mayi Bäuerle.

"Mafunso ako! Lili pamalo pake, pamwamba pa kabati ya zovala, pomwe anthu ena amaika chithunzi cha ukwati."

Wosonkhanitsa zinthu zakale akhoza kutaya mkazi, nyumba ndi chikhulupiriro, koma sataya bokosi limene chinthu chinabweramo. Ndipo chinthucho chikachoka patebulo, mtima wake sungalole kuti chigone m'thumba la pulasitiki kapena pansi pa matiresi. Chili ndi kwawo.

Mayi Traudl anakwera pa kampando n'kutsitsa katoni yofiirira, yakutha m'makona, ya chizindikiro chofufutika. Anaipereka kwa mnzawo. Mayi Bäuerle sanaitsegule. Anangoipendeketsa pang'ono.

M'katimo munamveka: ngiri.

Nthawi yomweyo chitseko cha panja chinatseguka.

*

A Ottmar anaima pakhomo la chipinda, chipewa chili m'manja. Anayang'ana bokosi, anayang'ana akazi awiriwo, n'kukhala pa bedi.

"Munadziwa bwanji?"

"Munandifunsa za bondo," anatero Mayi Bäuerle. "Zaka khumi ndikutsimphina pamaso panu, simunafunsepo. Kenako masitepe. Wakuba weniweni akanaponda ndi nsapato. Siegbert akanaponda ndi nsapato n'kusiyanso ufa. Wendelin jombo zake savula popanda mpando. Koma inu, a Kienzle, munapeza tsache litapingasa, mtima wanu sunalole kudetsa masitepe a sabata ya mnzanu. Munavula nsapato, n'kutsika ndi masokosi kukaba katundu wanu yemwe."

"Sikuba kumeneko. Mwalamulo, chinthu chikakhala chako..."

"Lamulo lachisanu ndi chiwiri munalemba ndinu. Silinena kuti kupatula mwini wake."

A Ottmar anatsegula bokosi, n'kufunyulula pepala lofewa. Kageti kanatuluka, kokongola ngati kale. Analoza kamkono ka kumanja, pa mzere wofiira wachiwiri kuchokera kunsonga.

"Apa," anatero ndi mawu otsika. "Chaka cha 1979, patangopita sabata chikwatirane. Apongozi atangondipatsa. Ndinkakapukuta, kanandipulumuka, kanagunda pa ngodya ya chitofu. Penti anasupuka, kachigamba ngati njere ya mpunga. Bambo ako akanandipha, Traudl. Ndiye ndinatenga..." Anayang'ana akazi awo. "Ndinatenga kabotolo kako ka penti wa zikhadabo."

"Ndikudziwa," anatero Mayi Traudl.

"Ukudziwa?"

"Bambo inu, kabotolo kanga katsopano kanasowa tsiku la ukwati wa mng'ono wanga, ndinapita ndi zikhadabo zoyera ngati wodwala. Ndinakakapeza m'bokosi lanu la zomangira, kali ndi kaburashi ka timasitima m'kati. Mumayesa ndinaganiza kuti mwayamba kudzikongoletsa?"

"Zaka zonsezi? Osanena?"

"Ndinkadikira kuti munene nokha. Komanso ulaliki wanu wa penti wakale unkandikomera kwambiri ndikamaumva ndikudziwa." Anatambasula dzanja lawo pafupi ndi kamkonoko. Kufiira kwake kunali kumodzimodzi. "Mukuganiza kuti n'chifukwa chiyani sindinasinthepo mtundu? Ndimati mwina tsiku lina mudzafuna wina."

A Ottmar anabwezera kageti m'bokosi.

"Katochi ka katswiri kaja," anatero. "Pamaso pa ameya. Pamaso pa Wendelin. Ndimati ndikabise mpaka Lolemba, katswiriyo akapita ndinene kuti kapezeka kuseri kwa kabati. Kamunthu ka mbendera ndinangoika poti... poti pamaoneka pangozi. Sindinaganize kuti Siegbert..."

"Za pentizo ndi zanu ndi akazi anu," anadula Mayi Bäuerle, ndipo mawu awo anali aja ankatsitsira anthu pa siteshoni yotsatira. "Ine changa ndi chimodzi. M'mawa uja dzina la Wendelin litatchulidwa, inu munapukuta magalasi. Mdala uja waika kale kiyi patebulo. Akachoka m'kalabu, kotsala kopita ndi kumanda, ndipo tsiku lina sadzaona chifukwa chobwererako. Ine sindikanena kanthu kumsonkhano. Ndinapuma ntchito yogwira anthu. Koma ndikakhala pampando wakutsogolo, ndikukuyang'anani."

*

Pofika 4 koloko madala khumi anali atakhala, majekete ali pamisana ya mipando. A Wendelin anakhala pafupi ndi chitseko, atapesa. A Siegbert anali atatsegula kale buku la malamulo pa tsamba loyenera.

A Ottmar analowa pomaliza, bokosi lili m'manja. Kumbuyo kwawo kunali Mayi Traudl, amene chiyambire kalabuyo anali asanapondemo.

Wapampandoyo anaika bokosi patebulo, n'kutulutsa kageti, kabelu n'kulira kamodzi.

"Kapezeka!" anakuwa a Siegbert. "Wabweza? Wendelin, bola wabweza, achimwene, ifenso ndife anthu..."

"Khala pansi, Siegbert," anatero a Ottmar. Anayang'ana kumpando wakutsogolo. Mayi Bäuerle anali pomwepo, manja atapinda, maso ali gwa. "Wakuba ndine."

Anafotokoza zonse: chitofu, kabotolo, katochi, masokosi. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya kalabu anamaliza kulankhula m'mphindi zitatu. Atafika pa penti wa zikhadabo, mdala wina kumbuyo anayamba kutsokomola modabwitsa, wina n'kubisa nkhope m'chipewa. Kenako a Ottmar anatulutsa kiyi wawo n'kumuika pa buku la malamulo.

"Lamulo lachisanu ndi chiwiri. Ndiponso loyamba. Bambo Rapp, ndinakuchititsani manyazi zaka zitatu zapitazo pa tchimo limene ine ndinali nalo kale, ndipo lero m'mawa ndinakhala chete. Lachiwirili ndiye lalikulu. Pepani."

A Siegbert anali atafiira mpaka m'khosi. "Wendelin, ine pakamwa pangapa... ukudziwa kuti ndimayamba kulankhula nzeru zikadali m'uvuni. Buledi wa chaka chonse, waulere. Wa njere uja umakonda."

A Wendelin anadzuka, jombo zikulira, n'kupita patebulo. Anawerama pa kageti, n'kuyang'anitsitsa mzere wofiira wachiwiri kuchokera kunsonga. Anayang'ana nthawi yaitali, mpaka anthu anayamba kusuntha m'mipando.

"Mwapaka bwino," anatero. "Koma munapaka kamodzi. Amafunika kawiri."

Wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira.

"Ine geti lenileni ndinalipaka kakhumi ndi kasanu ndi kanayi," mdalayo anapitiriza phokoso litatsika. "Zaka ziwiri zilizonse, mwezi wa Meyi. Geti losapaka silioneka mu nkhungu. Geti losaoneka limapha anthu. Zimenezi ndinafuna kunena tsiku lija, koma munkalankhula ndinu." Anatola kiyi pa buku lija n'kumuponya m'thumba la jekete la a Ottmar. "Kuchotsa munthu ayi. Lachisanu kuno kumakhala zii, ndimafuna wokangana naye. Koma chilango chikhalepo."

"Nenani," anatero a Ottmar.

"Choyamba, sabata ya tsache ya Mayi Bäuerle ikhale yanu mpaka Pasaka. Masitepe mumawalemekeza kale."

"Ndavomera," anatero Mayi Bäuerle msangamsanga, bondo likuthokoza.

"Chachiwiri, mawa katswiri akabwera, muunike nokha ndi katochi kake, ndipo mayi awa aime pambali aonetse zikhadabo."

"Ndidzola kawiri," anatero Mayi Traudl.

"Chachitatu." A Wendelin analoza ku shelefu ya manyazi. "Njanji iyi ili ndi misewu iwiri yodutsa. Wa kuseri kwa phiri uja wakhala wopanda geti zaka zitatu. Usiku sindigona nawo."

A Ottmar sanadikire makwerero. Anakoka mpando, n'kuyang'ana pa khushoni yake yoyera, n'kuyang'ana nsapato zawo. Anawerama, n'kuzivula, n'kuziika pambali bwinobwino. Kenako anakwera ndi masokosi kukatsitsa kageti ka a Wendelin.

Atamanga tonse tiwiri, a Siegbert anayatsa magetsi. Kasitima kakuda kananyamuka pa siteshoni, kanazungulira mudzi, ndipo kageti ka a Kienzle kanatsitsa timikono take: ngiri ngiri. Kanalowa m'phanga, kanatulukira kuseri kwa phiri, ka a Rapp nako n'kuyankha, mokweza pang'ono.

A Wendelin anatola kamunthu ka mbendera kaja, kamene wina anali atakakankhira pa udzu, n'kukaika m'manja mwa wapampando.

"Kabwezereni ku siteshoni, a Kienzle," anatero. "Ndipo Lachisanu mubwere 1:40. Ndikuphunzitseni poimika munthu."